Kuphunzira Zamba za ku Caribbean pa Gitala Kuno ku Ulónguè

Munthu akagula gitala kuno ku Ulónguè, m'boma la Angónia ku Mozambique, kawirikawiri amayambira pa nyimbo za kutchalitchi, chifukwa kumeneko ndi kumene kumapezeka anthu odziwa kuliza amenenso ali ndi mtima wophunzitsa anzawo. Inenso ndinayambira komweko, ndipo ndinagwira ma chord (kagwiridwe ka nsambo zingapo zolira pamodzi) a kumutu kwa gitala, aja amene kuno timawatchula Dó, Fá, Sol ndi Lá menor, pamene anzathu a ku Malawi ndi aphunzitsi ambiri a pa YouTube amawalemba C, F, G ndi Am. Ma chord amenewa amakwanira kuperekeza kwaya, koma mtima wanga unali pa nyimbo zovinika za ku zilumba za Caribbean, monga reggae ya ku Jamaica, son ya ku Cuba ndi zouk ya ku Guadeloupe ndi Martinique. Ndikulemba ngati munthu amene akadali wophunzira, ndipo chimene ndaona n'chakuti pa zamba zimenezi dzanja lamanzere silivuta kwenikweni. Ntchito yagona pa dzanja lamanja, ndiponso pa kudziwa nthawi imene gitala iyenera kukhala chete.

Nyimbo zimenezi si zachilendo m'makutu mwathu, ndipo pali chifukwa chake. Anthu amene anagwidwa ukapolo ndi kuwolotsedwa nyanja ya Atlantic anapita ndi kaombedwe ka ng'oma za kwawo m'mutu. Ambiri anachokera kumadzulo kwa Africa ndi kudera la Congo ndi Angola, koma m'zaka za m'ma 1800 zombo zina zinkanyamulanso anthu m'madoko a Mozambique, monga Quelimane, kupita nawo ku Brazil ndi ku Cuba. Patapita nthawi nyimbozo zinabwerera kuno zitavala zovala zina. Kuyambira mu 1933 kampani ya EMI inkagulitsa mu Africa muno mbale za galamafoni za nyimbo za ku Cuba, zodziwika ndi zilembo za GV, ndipo oyimba a ku Léopoldville, kumene lero ndi Kinshasa, anazimvetsera mpaka anabala rumba yawoyawo. Zimene a ku Cuba ankaliza pa piyano, pa malipenga ndi pa tres, chida chawo chonga gitala, akatswiri monga Franco Luambo wa gulu la OK Jazz anazisamutsira pa gitala. Choncho aliyense amene anakula akumva rumba ya ku Congo pa wailesi ya bambo ake anamva kale mbali ina ya Cuba asakudziwa.

Reggae inatifika kudzera kwa anansi athu. Bob Marley anayimba pa bwalo la Rufaro ku Harare mu April 1980 pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe, ndipo chigawo chathu cha Tete chili pakati pa Zimbabwe ndi Malawi, motero makaseti sankachedwa kudutsa. Mabanja ambiri a kuno anakhalapo ku Dedza ndi ku Ntcheu pothawa nkhondo imene inatha mu 1992, ndipo pobwerera anabwera ndi chizolowezi chomvera wailesi za ku Malawi, kumene pambuyo pake Lucius Banda, Evison Matafale ndi gulu la Black Missionaries anayimba reggae m'chinenero chathu chomwechi. Zonsezi zimachititsa anthu ena kunena kuti zamba zimenezi tili nazo kale m'magazi, ndipo sitifunika kuziphunzira. Ine sindigwirizana nawo. Khutu likhoza kuzizindikira ndipo chiuno chikhoza kuzitsata, koma dzanja limene lagwira gitala liyenera kuphunzitsidwa kuyambira pansi, ngati dzanja la munthu wina aliyense.

Ndinayamba ndi reggae chifukwa imaoneka yophweka, ndipo pamenepa ndi pamene imanyengera anthu. Mukawerenga 1, 2, 3, 4 mofatsa, gitala imangolira pa 2 ndi pa 4, kaphokoso kakafupi kouma, kenako zii. Pa kaombedwe kamene amakatcha one drop, ng'oma yaikulu imagwa pa 3, ndipo pa 1, pamene ife a kwaya tinazolowera kumenya mwamphamvu, pamakhala popanda kanthu. Pa pepala nkhani yatha pomwepa. Koma mukakhala pansi ndi gitala, phazi likugunda pa 1 ndi pa 3, mupeza kuti dzanja likufunitsitsa kutsika limodzi ndi phazi, ndipo posakhalitsa nyimbo yanu yasanduka ya pa maliro. Phazi ndi dzanja ziyenera kugwira ntchito ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: munsi wina ukamatsika, wina ukukwera, ndipo zikakumana palibe chosinjika. Chimene chinandithandiza ndi kuyala dzanja lamanzere pa nsambo mosasindikiza, kuti gitala izingomveka "tche, tche" popanda chord iliyonse, ndi kuchita zokhazo mpaka phazi litasiya kukoka dzanja.

Chachiwiri ndi kudula mawu a gitala. Ma chord a kumutu kwa gitala ali ndi nsambo zina zosagwidwa, zimene zimapitiriza kulira ngakhale mutakweza zala, ndipo kulira kopitirira kumeneko kumapha reggae. N'chifukwa chake oyimba chambachi amasunthira pakati pa khosi la gitala ndi kugwira nsambo zitatu kapena zinayi zowonda zokha. Kwa wongoyamba kumene, njira yachidule ndi iyi. Gonekani chala cha mkombaphala pa fret yachisanu, kutanthauza mpata wachisanu pakati pa tizitsulo topingasa pa khosi mukawerenga kuchokera kumutu, chigwire nsambo zitatu zowondazo, ndipo mwapeza Am. Chala chomwecho chikhale pa fret 5 pa nsambo yoyamba, yowonda kwambiri ija, chapakati chipite pa fret 6 pa nsambo yachiwiri, chachitatu pa fret 7 pa nsambo yachitatu, ndipo mwapeza Dm. Ma chord awiri amenewa akhoza kunyamula nyimbo yonse. Chinsinsi chake n'chakuti zala zimasindikiza nsambo pa kamphindi kokha kamene pick, kapulasitiki kolizira nsambo, ikudutsa, kenako zimafewa nthawi yomweyo koma osachoka pa nsambo. Zikachokeratu nsambo zimalira zokha, ndipo zikachedwa kufewa mawu amatalika. Kusindikiza ndi kufewetsa kumeneku, kumene munthu woonera sangakuone n'komwe, ndi kumene kumasiyanitsa wodziwa ndi wongoyerekeza.

Ska, imene inatsogolera reggae ku Jamaica cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1960, imayenda pa maziko omwewo koma mothamanga, ndipo oyimba ambiri amakoka nsambo chokweza pakati pa kugunda kulikonse kwa phazi. Ernest Ranglin ndi mmodzi mwa akatswiri a gitala amene anathandiza kuiumba. Ine ndikanalangiza wophunzira kuti aisiye kaye mpaka dzanja litakhazikika pa reggae, chifukwa liwiro limabisa zolakwa zimene kufatsa kumaulula.

Kumene ndakhalitsa kwambiri ndi ku nyimbo za ku Cuba, ndipo mwayi wanga ndi amalume anga. Kuyambira mu 1977 ana ambiri a ku Mozambique ankatumizidwa kukaphunzira ku Isla de la Juventud, chilumba china cha dziko la Cuba, ndipo amalume anali mmodzi wa anyamata amene anapita kumeneko. Gitala saidziwa, koma son amaivina bwino mpaka lero. Tsiku lina atandimva ndikulimbana ndi nyimbo ina, anatenga supuni ndi botolo lopanda kanthu, nakhala pa mpando wa ndalema moyang'anana nane.

"Iwe, taika kaye pansi chinthu chakocho. Ukuthamangira kuliza usanamve chimene chikuyendetsa nyimbo."

"Nanga chikuyendetsa nyimbo n'chiyani, amalume, si gitala yomweyi?"

"Ayi. Mvera izi, ndipo uombe m'manja mpaka uzitha kucheza nane uku ukuomba."

Anagogoda botololo kasanu, katatu motalikirana kenako kawiri moyandikana, ndi kubwereza osasintha. Imeneyo ndi clave, kaombedwe kamene ku Cuba amakaomba ndi timitengo tiwiri tolimba, ndipo zida zonse za gulu, kuyambira besi mpaka woyimba ndi pakamwa, zimayenda mokayang'ana. Pofuna kuilemba kuti ndisaiwale, ndinagawa nthawi m'magawo awiri a timphindi 8. M'gawo loyamba mumaomba pa 1, pa 4 ndi pa 7, ndipo m'gawo lachiwiri mumaomba pa 3 ndi pa 5. Iyi ndi imene amaitcha 3-2. Mukayambira gawo lachiwiri imakhala 2-3, ndipo nyimbo iliyonse ili ndi mbali yake imene siyenera kutembenuzidwa pakati pa ulendo. Amalume amati ovina amamva msanga clave ikatembenuka, ngakhale sangathe kufotokoza chimene chalakwika.

Gawo loyamba lija, la kuomba katatu, ndilo limene ndikuona kuti wophunzira aliyense ayenera kulimeza asanapite kwina kulikonse. Amalitcha tresillo, ndipo limagawa timphindi 8 kukhala 3, 3 ndi 2. Powerenga mumati 1-2-3, 1-2-3, 1-2, mukutsindika pa 1 aliyense. Kaombedwe kameneka kamamveka mu son, mu calypso ndi soca za ku Trinidad, mu zouk, mu dancehall, ndiponso m'kuomba m'manja kwa amayi athu pa magule ena a kumudzi. Pa gitala pali kanthu kena kamene sindinakapeze msanga. Dzanja lamanja lisaleke kutsika ndi kukwera mofanana, ngakhale pamene silikukhudza nsambo. Likamayenda chotero, kutsindika koyamba kumagwera potsika, kwachiwiri kumagwera pokwera, ndipo kwachitatu kumagweranso potsika. Kutsindika kwapakatiko, kwa pokwera, ndi kumene kumavuta, chifukwa dzanja la wophunzira limakhala lofooka pokwera ndipo limafuna kuima kuti litsikenso. Mukalilola kuima, nthawi imaduka, ndipo ovina amapunthwa. Ndinaona kuti n'kwabwino kumasula mkono pa mfundo ya dzanja m'malo moyendetsa chigongono chonse, ndi kugwira pick mosafinya.

Ma chord a son si ambiri. Nyimbo zochuluka zimazungulira pa C, F, G ndi kubwereranso pa F, kapena pa Am, Dm ndi E, ndipo amene analizapo rumba ya ku Congo aona kuti njira yake ndi yomweyo. Pa nsambo zitatu zowonda zija, C imagwidwa pa fret 5, 5 ndi 3 kuyambira nsambo yachitatu, F pa 5, 6 ndi 5, ndipo G pa 7, 8 ndi 7, motero dzanja silipita kutali. Ku Cuba mbali imeneyi imalizidwa pa tres, chida chonga gitala chokhala ndi nsambo zisanu ndi imodzi zoikidwa ziwiriziwiri m'magulu atatu, chimene Arsenio Rodríguez, woyimba wosaona, anachitchukitsa kwambiri. Woliza tres sakhwekhweza nsambo zonse pamodzi. Amatola nsambo imodziimodzi kapena ziwiriziwiri, kupanga kanyimbo kakafupi kobwerezabwereza kamene amakatcha guajeo, ndipo gitala wamba ikhoza kutsanzira zimenezi bwinobwino.

Komabe chimene chimapereka kukoma kwa son, chimenenso chimazunguza mutu wa munthu wochokera ku kwaya, ndi kusintha chord nthawi isanakwane. Ife tinaphunzira kuti chord yatsopano imalowa pa 1. Mu son besi imalira pa kamphindi ka 4 ndi ka 7, ndipo pa 7 pamenepo imakhala italowa kale mu chord yotsatira ndi kuigwira mpaka kudutsa 1 wa gawo linalo. Gitala nayonso kawirikawiri imalowa mu chord yatsopano kamphindi kamodzi 1 asanafike. Zotsatira zake n'zakuti nyimbo imamveka ngati ikukukokerani kutsogolo nthawi zonse, ndipo pa 1 pamatsala mpata woti phazi la wovina lidzaze. Poyeserera, ndimangoliza besi yokha pa nsambo ziwiri zonenepa ndi chala chachikulu, phazi likugunda pa 1 ndi pa 5, mpaka nditazolowera kuti chala ndi phazi sizikumana paliponse. Ndikayamba kuzolowera ndimawonjezera nsambo zowonda. Mbali imeneyi imatenga nthawi, ndipo sindikuona njira yoidumphira.

Zouk ndi imene anthu a kuno amaivina kwambiri, ngakhale ambiri amaidziwa kudzera mwa ana ake. Gulu la Kassav', limene linayamba mu 1979 ndipo woliza gitala wake anali Jacob Desvarieux, linatchuka zedi m'mayiko olankhula Chipwitikizi mu Africa, ndipo kizomba ya ku Angola ndi passada imene timavina awiriawiri pa maukwati zinatengera zambiri kumeneko. Pansi pa zouk pali tresillo yomwe ija, yoyenda mofatsa. Gitala yake imakonda kutola nsambo imodziimodzi, m'mphepete mwa chikhatho cha dzanja lamanja mutagona pang'ono pa nsambo pafupi ndi pamene zamangidwa, kuti mawu azituluka afupiafupi. Kompa ya ku Haiti, imene Nemours Jean-Baptiste anaiyambitsa mu 1955, ndi mbale wake wamkulu wa zouk, ndipo nthetemya za gitala yake sizitalikirana ndi zimene timamva kwa oyimba a ku Congo. Bachata ya ku Dominican Republic ndaingolawa chabe. Imafuna magitala awiri, ina yotsogolera imene amaitcha requinto ndi ina yoperekeza yotchedwa segunda, ndipo imafuna zala zothamanga kuposa zimene ndili nazo panopa. N'zochititsa chidwi kuti chamba chimene kwa zaka zambiri anthu apamwamba a m'dzikolo ankachinyoza kuti ndi cha m'mabala a anthu osauka, bungwe la UNESCO linachilemba mu 2019 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, chaka chimodzi pambuyo pa reggae.

Za gitala yeniyeniyo ndinenepo pang'ono, chifukwa ambiri amagwa ulesi poganiza kuti vuto ndi zala zawo pamene vuto ndi chida. Magitala otchipa amene amapezeka m'misika kawirikawiri amakhala ndi nsambo zotalikirana kwambiri ndi khosi, makamaka cha pakati pamene zamba zimenezi zimalizidwira. Pa gitala yotero kusindikiza ndi kufewetsa kuja kumatopetsa dzanja msanga, ndipo m'miyezi ya June ndi July, pamene kuno ku Ulónguè kumazizira mpaka zala kuuma, nsambo zachitsulo zimacheka nsonga za zala kwambiri. Mankhwala ake si okwera mtengo. Kachidutswa koyera kamene nsambo zimatsamirapo kumimba kwa gitala kamazuka mukamasula nsambo, ndipo mukhoza kukapala kunsi ndi sandipepa pang'onopang'ono, mukuyesa kawirikawiri kuti musapitirire, chifukwa mukapala kwambiri nsambo zimayamba kukhudza ma fret ndi kulira monjenjemera. Nsambo zowonda zimathandizanso. Popeza kuno sizipezeka nthawi zonse, ndimatuma amene akupita ku Tete kapena amene akuwoloka pa Calómuè kupita ku Dedza ndi Lilongwe, ndipo ndimapempha kuti agule nsambo yoyamba ziwiri, chifukwa ndi imene imaduka msanga. Pick ikasowa, khadi lakale la pulasitiki lodulidwa bwino ndi sizasi limagwira ntchito, bola likhale lofewerako.

Pa foni pali zinthu ziwiri zimene zandithandiza kuposa makanema onse ophunzitsa. Choyamba ndi metronome, kapulogalamu kogogoda nthawi mosasintha, kamene sikafuna intaneti mukakaika. Ndimakaika kuti kazigogoda ka 60 kapena ka 70 pa mphindi, ndipo sindikweza liwiro mpaka nditatha kuliza kwa mphindi zingapo popanda kuthawa kugogodako. Chachiwiri ndi kudzijambula mawu. Pamene munthu akuliza amamva zimene akufuna kuliza, koma foni imamubwezera zimene walizadi, ndipo ndi pamenepo pamene ndimamva kuti kutsindika kwa pokwera kuja kwachedwa, kapena kuti ndathamanga pofika posintha chord. Makanema a pa YouTube ndi abwino, koma amadya ndalama za intaneti, ndipo amakopa munthu kudumpha kuchoka pa phunziro lina kupita pa lina asanagwire ngakhale limodzi. Ine ndimatsitsa kanema mmodzi, ndi kukhala naye mpaka nditamaliza zimene akuphunzitsa. Amene amamva Chipwitikizi ali ndi mwayi wina, chifukwa aphunzitsi ambiri a son ndi bachata amalankhula Chisipanishi, chimene chimamveka ndithu ukatchera khutu, ndipo ma chord amawatchula Do, Re, Mi monga momwe timachitira kuno.

Pali malire a zimene munthu angaphunzire ali yekha m'chipinda, chifukwa nyimbo zonsezi zinapangidwa kuti zida zingapo zizigawana ntchito, china chikulankhula pamene chinzake chakhala chete. Gitala ya reggae ikamalira yokha imamveka yoperewera, ndipo wophunzira amakopeka kuwonjezera zina kuti adzaze mipata, pamene mipatayo ndi ya besi ndi ng'oma. Chifukwa cha ichi ndayamba kuyeserera ndi msuweni wanga, amene amaomba ng'oma ku kwaya ya achinyamata. Iye amagogoda one drop kapena clave pa chigubu cha malita 20, ine ndikuliza mbali yanga yokha, ndipo amalume akakhalapo amaimirira ndi kuvina. Akasiya kuvina ndi kukhala pansi, timadziwa kuti wina wa ife wathawa nthawi, ndipo timayambiranso. Reggae tsopano imayenda mpaka kumapeto, ndipo tresillo yakhazikika pa liwiro lapakati. Chimene chikutigonjetsabe ndi kuyimba ndi pakamwa uku ndikusintha chord nthawi isanakwane, chifukwa mawu a nyimbo amakokera dzanja kubwerera pa 1. Pakadali pano tagwirizana kuti msuweni wanga aziyimba mawuwo, ine ndizingong'ung'udza chapansipansi, mpaka dzanja litaphunzira kuyenda palokha.